Supuni ya Mlendo

Chaka chimene ndinasiya koleji ku Chipata, akwathu anakhala pansi kuganizira ntchito yoyenera munthu wophunzira theka. Kumunda ndinkapita, koma mizere yanga inkakhota ngati ikuzemba munthu. Ananditumapo kumsika ku Sinda ndi tambala woti ndikagulitse, ndinabwerako ndi tambala yemweyo komanso nkhani zambiri. Pomaliza anandipatsa mwana.

Mwanayo ndi wa mlongo wanga wamkulu, amene ine ndimati asisi. Asisi amagulitsa m'sitolo ina ku Katete, amagona komweko m'kachipinda ka lendi, kumudzi amabwera Loweruka n'kubwerera Lolemba. Alamu anga amayendetsa malole, kwathu amaoneka mwa apo ndi apo. Choncho mwana anatsala ndi amayi anga ndi ine pamudzi pathu, pakati pa Sinda ndi Katete, pongopatuka pang'ono kuchoka pamsewu waukulu. Anali mtsikana wa zaka zinayi, wa maso aakulu, wolankhula ngati munthu amene ali ndi munda wakewake. Ine ndinkamuitana kuti adona, iye ankanditcha amalume. Pa maudindo onse amene ndakhalapo nawo, umenewu wokha ndi umene palibe anandichotsa.

Kwathu malume si munthu wamba. Ana a mlongo wako ndi mbumba yako, ndiwe uyenera kuwayang'anira ndi kuwalankhulira. Zimenezi ndinkazifotokoza kwa aliyense wofunsa chimene ndikuchita masiku ano. Ndinkati ndili pa ntchito ya umalume, ndipo nkhope ndinkaiumitsa kuti asafunsenso.

Dzinja limenelo adona anadwala malungo, pambuyo pake chifuwa. Anachira, koma thupi linakana kubwerera. Diresi limene linkamuthina pa Khirisimasi linayamba kugwa paphewa. Nditapita naye kusikelo, anesi anayang'ana muvi, kenaka anandiyang'ana ine ngati ndine ndadya mbali yosowayo. Anati phala lizikhala ndi chiponde, mazira asamangopita kumsika, ndipo ngati tingathe timupezere mafuta a nsomba, supuni yaing'ono imodzi m'mawa. Loweruka lotsatira asisi anabwera ndi botolo kuchokera ku Katete, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akundipatsa ufumu.

Anabweranso ndi uthenga. Apongozi awo, ambuya a mwanayu a kuchimuna, amakhala ku Vubwi, ndipo ndi mayi wa malonda a m'malire, wozolowera kukangana ndi anthu a mayiko atatu tsiku limodzi. Anali ataona chithunzi cha adona pafoni. Anati mwana akutha, ndipo abwera tikakolola. Akadzamupeza ali chimodzimodzi, adzapita naye.

"Mwambo sulola," ndinatero ine, mwini mbumba. "Mwana ndi wa kuno."

"Mwambo sunenepetsa mwana," anatero asisi. "Iwe ungoonetsetsa kuti akumwa."

M'mawa mwake ndinatsegula botolo. Fungo lake ndilifotokoze bwino, chifukwa ndi mwini nkhani. Ganizirani thumba la kapenta limene lanyowa ndi mvula, analiika pansi pa mpando m'minibasi yopita ku Lusaka, ndipo kondakitala wakana kutsegula mawindo. Adona anali akusewera pakhonde. Anadzutsa mutu.

"Amalume, chafa n'chiyani?"

"Palibe chafa, adona. Awa ndi mafuta opatsa nzeru ndi mphamvu."

"Inu munamwapo?"

"Ayi."

"Ohoo," anatero, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu amene wamvetsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Kenaka anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Ku koleji ndinkaphunzira za uphunzitsi, ndipo ndinali nditamvapo kuti mwana amaphunzira bwino posewera. Ndinasandutsa supuni lole ya thonje. Ndinaiyendetsa m'mwamba, ndinasintha magiya ndi pakamwa, ndinaliza hutala. "Lole iyo yafika, tsegulani geti!"

Adona anachotsa dzanja limodzi. "Depo yatseka. Abwere mawa."

Mawa lake depo inali yotsekabe. Mkuja ananena kuti a depo apita kumaliro.

Amayi anga anaonerera zonsezi akusenda nsawa, mpaka anatopa nazo. Anati ana onse a pamudzi pano anakula ndi njira imodzi: wina agwire manja, wina atsine mphuno, pakamwa patseguka pokha. Tinayesa kamodzi kokha. Mafuta analowadi, koma sanachedwemo. Anabwerera onse pa shati langa loyera, lokhalo limene ndinali nalo. Ndinalichapa ndi sopo, ndinalichapa ndi phulusa, koma Lamulungu kutchalitchi anthu a pabenchi langa anandipatsa malo ambiri kuposa amene munthu mmodzi amafunika, ndipo pobwerera amphaka awiri anandiperekeza mpaka kunyumba. Zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti adona sanandilankhule tsiku lonse. Ndikamadutsa ankauza ambuya ake kuti, "Abambo aja akudutsa." Ndinalumbira kuti mphuno ya mwanayo sindidzaigwiranso.

Kenaka ndinachita nzeru imene inatsala pang'ono kutiwonongera zonse. Ndinathira mafuta m'phala, n'kuphimba ndi chiponde chambiri. Adona anadya supuni imodzi, anaima, anandiyang'ana, n'kukankha mbale pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Kuyambira pamenepo anasiya kukhulupirira phala. Anasiya kukhulupirira mbatata, tiyi, ngakhale nthochi yosasenda. Mbale iliyonse ankayamba wainunkhiza ngati wa kasitomu pachipata cha malire, ndipo zambiri zinkabwezedwa. Mwana amene tinkafuna kuti anenepe anayamba kudya mochepa kuposa kale.

Asisi atabwera Loweruka ananyamula botolo n'kuliyang'ana padzuwa. Mafuta anali adakali pakhosi pa botololo.

"Iwe, ku koleji kuja munkaphunzira chiyani?"

"Tinali tisanafike pamutu umenewu."

Sanaseke. Anakhala pansi pakhonde, n'kuyang'ana mwana wawo amene ankathamangitsa nkhuku, diresi lili pendapenda paphewa. "Apongozi aimbanso," anatero. "Mwina akunena zoona. Kumene kuja kuli ana ambiri, akamadya ndi anzake mwina azidya. Ine sindingasiye ntchito, amayi akukalamba, iwe..." Anasiyira pomwepo.

Ndinafunafuna nthabwala m'matumba onse, sindinaipeze. Vubwi si kuseri kwa nyumba; mvula ikagwa msewu wake umafuna mtima. Ndinaganiza za m'mawa wopanda munthu wondifunsa chifukwa chimene mbuzi imatafuna isanapatsidwe kanthu. Ndinaona kuti ndikhala wophunzira wopanda pepala, ndiponso malume wopanda mbumba, ndipo pa ziwirizi chimene chinandiwawa n'chachiwiri.

Thandizo linabwera ndi munthu wosaka ng'ombe. Anali bambo wa mudzi wina, ng'ombe yake itasochera, ndipo anaima pakhomo pathu masana kupempha madzi. Amayi anali atafulula thobwa. Anatunga m'kapu yaikulu, anagwada, anayamba amwapo okha pang'ono, n'kupereka. Kwathu zimatero: chakumwa chimene ukupatsa mlendo umayamba walawa iwe mwini, iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Timati kuchotsa ufiti. Ngakhale akulu a mpingo amatero, amangoseka pang'ono potchula mawuwo.

Adona anaona zonse ali kuseri kwa chitseko. Madzulo ake ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango atafulula thobwa lake la madzi ndi dothi m'chitini cha tomato. Mkwiyo wake pa ine unali utayamba kuchepa, moti anandilola kukhala mlendo. Anagwada, ananamizira kulawa, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja ndendende ngati ambuya ake, n'kundipatsa. Ndinanamizira kumwa, ndinayamikira kuti lapsa bwino. Kenaka tinasinthana, ine kukhala mwini nyumba. Ndinatunga n'kumupatsa basi.

Anabweza manja kumbuyo. "Amalume! Simunachotse ufiti! Mulibe mwambo inu?"

Ndinapepesa kwambiri. Ndinalawa dothi la pansi pa mango mwaulemu wonse. Ndipo ndili chogwada choncho, mchenga uli m'mano, ndinazindikira kuti mwana ameneyu angakane mankhwala, angakane chakudya, angakane malume wake, koma kuti anthu anene kuti alibe mwambo, zimenezo sangalole.

M'mawa mwake ndinavala jekete langa la ku koleji, ndinatulukira kuseri, ndinazungulira nkhokwe ndi khola la mbuzi, n'kudzaima pabwalo ngati munthu wochokera kutali.

"Odi! Odi kuno eni nyumba!"

Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Wayamba liti kupenga?"

Koma adona anamvetsa nthawi yomweyo. "Odini!" Anakoka kampando, anandikhazika pamthunzi, anagwada chapatali n'kuwomba m'manja. "Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu amayi. Ndachokera ku Mkaika wapansi, mafupa onse auma. Ndamva m'njira kuti panyumba pano pali mafuta a nsomba. Mungandithandizeko supuni imodzi?"

Nkhope ya mwanayo inawala. Munthu wamkulu, wa jekete, wodzipempha yekha tsoka. Anathamangira kwa ambuya ake kuti atsitse botolo pamwamba pa khoma pamene linkakhala. Amayi anathira, akundiyang'ana ndi diso la pambali. Adona ananyamula supuni ndi manja awiri, akuyenda ngati wanyamula dzira, anagwada patsogolo panga n'kundilozetsa pakamwa.

Ndinapinda manja.

"Pepani amayi. Sindikukuganizirani zoipa, koma kwathu sitimwa kanthu mwini nyumba asanachotse ufiti."

Ngakhale nkhuku zinaima. Adona anayang'ana supuni, anayang'ana ine, anatembenukira kwa ambuya ake kufuna thandizo.

"Mwambo umenewo," anatero amayi, akuluma milomo. "Alendo akunena zoona."

Adona anakhudza mafuta ndi nsonga ya lilime. "Ndalawa."

"Mwalawa pamwamba. Ufiti umakhala pansi pa supuni, ndi wolemera."

Anapuma mwamphamvu, anatsinzina, n'kumeza yonse. Thupi lonse linanjenjemera kuyambira m'makutu mpaka kuzala za kumapazi. Ndinakonzeka kuteteza jekete. Koma anatsegula maso ali ndi misozi, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kulengeza ndi mawu a munthu wamkulu: "Mulibe ufiti." Kenaka anatembenuka. "Ambuya, thirani ya alendo. Yodzaza."

Apa m'pamene ndinaona pamene nzeru yanga inali ndi bowo. Usiku wonse ndinakonza za supuni yoyamba, ya chiwiri sindinaiganizire.

Ndinamwa. Sindifotokoza zambiri, ndingoti ndinaona minibasi ija ili m'kati mwanga, mawindo ali otseka. Adona anandiyang'anitsitsa mpaka ndinameza, mokhutira ngati munthu amene mlandu wake waweruzidwa bwino.

"Muwonjezere?"

"Zikomo amayi, ndakhuta."

"Musachite manyazi. Alipo ambiri."

Kuyambira tsiku limenelo panyumba pathu pankabwera mlendo m'mawa uliwonse. Tsiku lina ankachokera ku Katete, lina ku Chipata, lina anali m'busa wa mpingo wosadziwika, lina wogula thonje amene njinga yake yaphwa. Onse ankavala jekete limodzi, ndipo onse anali ndi vuto la mafupa ouma. Posakhalitsa mlendoyo anayamba kupemphanso phala. Anali munthu wokayikira kwambiri. Mwini nyumba akalawa mbali iyi, iye ankati mbali iyo sinalawidwe. Akalawa m'mbali, ankati pakati ndi pamene anthu oipa amabisa zinthu. Pofika poti mlendo wakhutira kuti phala ndi labwino, m'mbale munkakhala mutatsala zongokanda. Dzira nalonso linkafufuzidwa chimodzimodzi, loyera ndi lachikasu lomwe.

Musaganize kuti mwanayo ankapusitsidwa. Tsiku lina atagwada anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alendo inu mukufanana ndi amalume anga."

"Ndi munthu wotani amalume anuwo?"

"Ndi abwino. Koma sagwira ntchito."

Ndinati ndamva chisoni, ndiwapempherera. Tsiku lina ndinachita ulesi, ndinabwera wopanda jekete. Anandibweza. Anati ine ndine wa pakhomo pomwe pano, ndipo wa pakhomo salawiridwa. Ndinabwerera kukavala, n'kuzunguliranso nkhokwe.

Botolo linatha msanga. Asisi analiyang'ana padzuwa, anafunsa ngati tikukazingira zitumbuwa. Kenaka anayang'ana masaya anga, amene anali atayamba kuwala, n'kufunsa kuti kodi wodwala ndi uti panyumba pano. Amayi anawafotokozera, ndipo asisi anaseka mpaka anakhala pansi. Loweruka lotsatira anabwera ndi botolo lina, lalikulupo. Kunena zoona sindidziwa chimene chinathandiza kwambiri, kaya mafuta, kaya phala la mlendo wokayikira uja, kaya thupi linangoganiza lokha zobwerera. Koma diresi linasiya kugwa paphewa, ndipo kusikelo anesi anayang'ana muvi osandiyang'ananso ine.

Titakolola, ambuya a ku Vubwi anafika monga ananenera. Anatsika panjinga yamoto madzulo, fumbi lili m'nsidze, atanyamula zikwama ziwiri. China chinali ndi shuga ndi chitenje cha amayi. Chinacho chinali chopanda kanthu, ndipo tonse tinadziwa ntchito yake. Atapuma anaitana adona, anamuimika pakati pa miyendo yawo, anamutsina mkono, anamutembenuza ngati akusankha nsalu.

"Wasintha pang'ono," anauza amayi anga. "Koma asewere, musandikwiyire, mwanayu akadali wochepa. Inu mwakula, amake kulibe, ndiye mwasiyira anyamata awa?" Anandiloza ndi chibwano. "Mawa ndipita naye. Akakhale kwathu mpaka mvula."

Asisi anali atabwera dala tsiku limenelo. Anangoyang'ana pansi. Ine monga mwini mbumba ndinakonza kukhosi kuti ndilankhule za mwambo, koma ambuyawo anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinapeza kuti ndimangofuna kutsokomola.

M'mawa sindinavale jekete. Pamaso pa mayi ngati amenewo munthu wa ndevu sazungulira nkhokwe. Ndinakhala pakhonde, iwo ali pamkeka akumanga duku, chikwama chopanda kanthu chija chili pambali. Ndinangomva adona akunong'oneza amayi kukhitchini. Kenaka anatuluka, supuni ili m'manja awiri, akuyenda kayendedwe ka dzira kaja. Kwa iye nkhani inali yosavuta. Miyezi yonseyi ankalandira mlendo wofanana ndi amalume ake. Lero kunabwera mlendo weniweni, wochokera kutali kwenikweni, wa fumbi lenileni.

Anagwada patsogolo pa ambuya ake a ku Vubwi aja. Popanda womuuza, anameza supuni yonse, ananjenjemera, anapukuta pakamwa. "Mulibe ufiti." Anathamangira kwa amayi, amene anali ataima pakhomo ndi botolo, nkhope ili ngati sakudziwa kanthu. Anabwera nayo yodzaza, n'kugwadanso.

Fungo linafika kwa ambuya supuni isanafike. "Mwana'nga, n'chiyani chimenechi?"

"Za alendo. Mafupa anu auma."

Ambuya anayang'ana amayi, anayang'ana asisi. Palibe anawathandiza. Mwana anali atalawa iwo akuona, atagwada, pakhomo pa asewere awo. Kukana pamenepo kukanakhala kunena kuti panyumba pano amapatsa alendo zoipa. Mayi amene amakangana ndi anthu a mayiko atatu anatsegula pakamwa.

Anameza. Anagwira mkeka ndi manja onse. Misozi inatsika n'kujambula mizere iwiri pamasaya. Atapeza mawu anafunsa, "Zimenezi amamwa tsiku lililonse? Osamugwira?"

"Amamwa ndi alendo," anatero amayi.

"Alendo ake ati?"

Adona ndiye anayankha. "Amalume, kavaleni jekete. Nanunso mubwere."

Pali nthawi zimene munthu amasankha pakati pa ulemu wake ndi mbumba yake. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala jekete, ndinatulukira kuseri. Ndinazungulira nkhokwe ndi khola. Ndinaima pabwalo pamaso pa apongozi a mlongo wanga, n'kukuwa odi. Ndinati ndachokera ku Vubwi, msewu ndi woipa. Poti mwini nyumba anali atachotsa kale ufiti wa tsikulo, ndinangolandira supuni yanga n'kumeza. Kenaka ndinapempha phala, ndipo ndinalikayikira mbali zonse, m'mphepete ndi pakati, mpaka mbale inayera.

Ambuya anaonerera zonsezi mpaka pomaliza. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka duku linamasuka. Atapukuta m'maso anauza amayi kuti, "Asewere, kwathu ana alipo, chakudya chilipo. Koma lova woti azivala jekete m'mawa uliwonse n'kumamwa zonunkhazi chifukwa cha mwana, ameneyo ndilibe. Akhale konkuno."

Ndinalandira mawuwo ndi manja awiri. Ndi satifiketi yokhayo imene ndili nayo.

Chikwama chopanda kanthu chija chinabwerera ku Vubwi ndi nsawa ndi mbatata. Pokwera njinga yamoto ambuya analonjeza kuti adzabweranso mvula isanagwe, ndipo anapempha kuti tsiku limenelo botolo lidzakhale litabisidwa. Tinaima pamsewu mpaka fumbi linatha. Asisi ananditsina pamkono, n'kulowa m'nyumba kukakonzekera za ku Katete.

Adona anandigwira chala pobwerera.

"Alendo aja mafuta sanawakonde," anatero. "Sabweranso msanga. Inu mubwere mawa."

Ndinabwera.